Mutu 6: Mkono Wamanja wa Rumbi

1. Moni wa ulemu

Mvula ya mwezi wa Disembala inali itagwa masiku anayi osapuma m'chigwa cha Honde. Mitambo inatsika kuchokera kuphiri la Nyangani n'kukhazikika pamwamba pa minda ya tiyi ngati yafika kwawo. Ku Samanga njira zonse zinali zoterera, ndipo anthu ankayenda akuyang'ana pansi.

M'holo ya tchalitchi mokha ndi mmene munali motentha. Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka masana, mabenchi ankakankhidwira kukhoma, pansi n'kuyalapo mikeka ya labala. Pamenepo Kochi Kefasi ankaphunzitsa achinyamata khumi ndi awiri masewera olimbana. Kefasi anawaphunzira masewerawa akugwira ntchito ya ulonda ku Joni. Atabwerera kwawo anapempha akulu a mpingo kuti amubwereke holoyo, ndipo iwo anavomera pa mfundo imodzi yokha: aziyamba ndi pemphero, azitsiriza ndi pemphero.

Kulimbana kwake kunali kosagwira zovala. Aliyense ankavala kabudula ndi malaya othina, opanda kolala, opanda lamba. Thupi likachita thukuta limaterera ngati mlamba. Choncho chogwira chinali chimodzi, mkono wa mnzako.

"Kugwetsa munthu sikuyambira pamwendo," ankatero Kefasi. "Sikuyambira m'chiuno. Kumayambira pamkono. Ukalanda mkono, thupi lonse limabwera lokha ngati mbuzi yotsata chingwe."

Anawaphunzitsa kukoka mkono wa mnzawo chopingasa kuti atulukire kumbuyo kwake. Anawaphunzitsanso kulowetsa mkono m'khwapa mwake n'kumunyamulira pachiuno. Koma Tabita, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ankakonda kagwiridwe kachitatu, ka manja awiri pa mkono umodzi. Dzanja lina limagwira pamfundo ya dzanja la mnzako, lina pamwamba pa chigongono, chifuwa n'kukanikiza phewa lake. Zikatero umangoponda patsogolo pake, n'kutembenuka, iye n'kupita pansi.

Collen, mnyamata wa pakamwa posauma, anakapatsa dzina kagwiridwe kameneka. Ankakatcha moni wa ulemu, chifukwa anaona mmene Tabita amaperekera moni kwa akuluakulu, dzanja lamanja lili patsogolo, lamanzere litagwira mkono wake, monga anamuphunzitsira agogo ake ochokera ku Malawi.

"Ulemu wa kwa Tabita ndi woopsa," ankatero Collen. "Akupatsa moni ndi manja awiri, ukati uyankhe, ukuona malata."

Onse ankaseka, ngakhale Tabita. Kefasi yekha ndi amene sankaseka pa nkhani imeneyi. Ankawaimitsa n'kuwauza kuti amvetsere bwino.

"Mkono umene wagwirawo ndi umene mnzako akanadzitchinjiriza nawo pogwa. Iwe wamulanda. Tsono kugwa kwake kuli m'manja mwako. Umutsitse, usamutaye. Amene sangasunge lamulo limeneli akasewere mpira."

Lolemba la sabata imeneyo Kefasi analengeza kuti mu Januwale kudzakhala mpikisano ku Mutare. Gulu lawo linapatsidwa malo amodzi okha a mtsikana wa msinkhu wa Tabita. Atsikana a msinkhu umenewo analipo awiri, Tabita ndi mnzake wa pamtima Rumbi. Loweruka adzalimbana, ndipo wopambana ndiye adzapite.

Madzulo ake Tabita anaimbira foni amayi ake, a Providence, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Mutare. Chiyambire Pasaka sanabwere kumudzi. Atamva za mpikisano anasangalala kwambiri, nati adzapempha kwa abwana awo tsiku limenelo, adzakhale pa benchi ya kutsogolo.

2. Dengu pa njira yoterera

Lachitatu Rumbi sanabwere ku holo. Masewera atatha Tabita anakwera kanjira ka m'nthochi kupita kukamuona.

Kwa a Rumbi kunali kamunda ka tiyi pamalo otsetsereka. Bambo ake anamwalira, ndipo amayi ake msana unawavuta chibadwire ana amapasa, moti sankatha kuwerama nthawi yaitali. Wothyola tiyi pa nyumbapo anali Rumbi. Nyengo ya mvula tiyi sayembekeza munthu. Sabata iliyonse amaphuka, ndipo wothyola amatenga masamba awiri anthete ndi kansonga kake. Ukachedwa masamba amakhwima, ndipo lole ikabwera Lachiwiri amawakana.

Tabita anamupeza Rumbi kuseri kwa khitchini, atakhala pa mwala, mkono wamanja ataufukata ngati khanda.

Rumbi anafotokoza monong'ona. M'mawa ankatsika ndi dengu lodzaza kumsana, phazi linaterereka, ndipo pofuna kudzigwira anakola chitsamba cha tiyi ndi dzanja lamanja. Chitsamba chinalimba. Phewa ndi limene linagonja.

Tabita analowa m'nyumba mwakachetechete n'kutenga mankhwala opaka amene amayi a Rumbi ankapaka msana. Anayamba kumusisita pang'onopang'ono. Chala chake chitafika kutsogolo kwa phewa, pamene fupa limalowa, Rumbi analuma mlomo, misozi n'kulengeza.

"Ndi pamenepo, sha," anatero, akumutchula monga amaitanirana abwenzi kumeneko. "Usapakanikizenso."

Tabita anati ayenera kupita kuchipatala ku Hauna, ndiponso ayenera kuuza Kochi. Rumbi anakana zonse. Amayi akamva adzamuletsa kuthyola, adzalowa okha m'munda ndi msana wawo uja. Kochi akamva adzamuletsa kulimbana. Iye ankakhulupirira kuti pofika Loweruka phewa lidzakhala litapola.

"Lumbira kuti suuza munthu."

"Agogo salola kulumbira. Koma sindinena."

Rumbi anamwetulira. Anaphunzira chiNyanja pa khonde la agogo a Tabita ali wamng'ono, ndipo ankadziwa kutukwana nacho mwachikondi. "Iwe kambuzi ka ku Mulanje, ndidzakugwetsa ndi mkono umodzi, kuti manyazi ako adzakhale awiri."

Anaseka onse. Pobwerera, manja a Tabita ankanunkhabe mankhwala aja mpaka kunyumba.

3. Mpeni wa agogo

Agogo Isaya, agogo ake a Tabita aja, anali mkulu wa mpingo, ndipo anapuma pa ntchito ya ku esiteti zaka zambiri zapitazo. Lachisanu lililonse masana ankakhala pakhonde n'kunola mpeni wawo wodulira tiyi, ngakhale sinali nyengo yodulira ndipo munda analibe. Ankati mpeni wochita dzimbiri umanenera mwini wake zoipa.

Lachisanu limenelo Rumbi anabwera ndi mapeyala amene amayi ake anatumiza. Anagwada n'kuomba m'manja monga amachitira a kwawo popereka moni. Koma kuomba kwake kunalibe mawu. Dzanja lamanja linangokhala pa ntchafu, lamanzere ndi limene linkapita kukalipeza. Agogo atamupatsa kapu ya maheu, analandira ndi lamanzere, n'kupepesa. Agogo anamufunsa za amayi ndi za amapasa, ndipo sanafunse china.

Rumbi atapita, agogo anamuitana Tabita kuti akhale pafupi.

"Mnzako uja wavulala liti?"

Tabita anayang'ana mwala wonolera.

"Chabwino. Wakusungitsa mawu, ndaona. Usandiuze. Ungomva anga."

Anathira madzi pa mwala n'kuyambanso kunola.

"Mdzukulu wanga, ine ndadulira tiyi zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndinayambira ku Mulanje ndili mnyamata, ndinapita ku Chipinge, ndinatsirizira kuno. Anthu akamationa tikudulira amaopa dzanja logwira mpeni. Sadziwa kuti dzanja la mpeni ndi wantchito chabe. Dzanja linalo ndi limene limatsogola. Limasankha nthambi, limaigwira, limaiweramitsa. Mpeni umangofika pamene dzanja lasankha kale.

"Chaka changa choyamba ndinadula chitsamba chabwino m'munsi kwambiri, mpaka chinauma. Kapitawo atandifunsa ndinati mpeni unaterereka. Iye anandiyang'ana n'kunena kuti, 'Isaya, mpeni unaterereka, koma nthambi unaigwira ndiwe.' Munthu ameneyo anamwalira kalekale, koma mawu akewo amandipezabe ndikagwada kupemphera.

"Masewera anuwa ine sindiwadziwa. Koma ndinakhalapo pa benchi tsiku lina, ndinamva zimene Kefasi amakuuzani. Ndi zomwezi. Kugwetsa kumabwera pambuyo. Tchimo kapena chifundo zimakhala pogwira."

Kuphiri kunagunda bingu lapansipansi. Agogo anayesa mpeni pa chikhadabo.

"Mnzako akakuonetsa pamene pakumupweteka, wakusungitsa chinthu choposa mbuzi, choposa nyumba. Mdani amafufuza yekha pofooka pako, ndipo akapapeza sitidabwa. Koma mnzako sanafufuze. Unamutengera wekha chala chake n'kuchiika pabala. Akadzagwirapo tsiku la mkangano, bala limenelo silipola ndi mankhwala a kuchipatala.

"Ndipo ukumbuke kuti mkono umenewo si wa Rumbi yekha. Ndi umene umadyetsa nyumba ija. Amapasa aja amadya ndi mkono umenewo. Amayi ake amagona msana uli phee chifukwa cha mkono umenewo.

"Ukandifunsa ine, pita kwa Kefasi ukamuuze. Lonjezo lako ndi lalikulu, koma silikula kuposa mkono wa munthu amene unamulonjeza. Rumbi adzakwiya sabata imodzi, kenaka adzabwera kudzamwa maheu. Ngati mtima wako sukulola kunena, kumbukira kuti Mulungu anamupatsa mikono iwiri. Gwira winawo. Ukagonja, wagonja. Mutare sasamuka. Amayi ako anakubala usanapambane kalikonse, ndipo sanakubweze."

"Ndamva, agogo."

"Khutu lamva. Mawa tidzaona ngati manja amva."

Anapukuta mpeni n'kuukulunga m'nsanza yake, akuimba chapansipansi nyimbo imene ankaikonda, yakuti, "Poterera ndi pano, Mbuye, musandisiye dzanja."

4. Loweruka

Njira yopita ku tchalitchi inkadutsa pa nyumba ya Kefasi. Tabita ananyamuka msanga, ndipo atafika pa geti anaima. Kefasi anali kuseri, akupopa njinga. Kunali kungoitana basi.

Foni inalira m'thumba. Unali uthenga wa amayi ake. Abwana avomera tsiku lija, ndipo iwo agula kale chitenje chatsopano chobiriwira, kuti Tabita adzawaone msanga pakati pa anthu.

Tabita anawerenga kawiri. Anabweza foni m'thumba n'kupitirira.

M'holo munadzaza kuposa masiku onse, chifukwa ana a m'midzi anamva kuti atsikana alimbirana Mutare. Mvula inayambanso, ikumenya malata. Atapemphera, Kefasi anafunsa funso limene ankafunsa tsiku lililonse, ngati alipo amene ali ndi pomupweteka. Rumbi anayang'ana kudenga. Tabita anayang'ana pa mkeka. 

Lamulo linali lakuti woyamba kugwetsa mnzake kawiri ndiye wapambana.

Rumbi anaima mwachilendo. Anatsogoza phazi lamanzere ndi dzanja lamanzere, lamanja atalibisa pachifuwa.

"Rumbi wabisa mango," anatero Collen. "Kochi, mumuseche."

Kefasi anangoti kaimidwe katsopano si mlandu, n'kuomba m'manja kuti ayambe.

Tabita anagwira dzanja lamanzere la Rumbi, linalo n'kukola kuseri kwa chigongono, anakoka chopingasa, n'kutulukira kumbuyo kwake. Anamukumbatira m'chiuno n'kumutsitsa bwinobwino, kumbali ya kumanzere. Kefasi anavomera ndi mutu n'kuwerenga kugwetsa koyamba. Kamodzi.

Ulendo wachiwiri Rumbi sanadikire. Analowetsa mkono wamanzere m'khwapa mwa Tabita, anaika chiuno, ndipo Tabita anangoona malata akuzungulira. Ana a pa mabenchi anakuwa n'kumenya mapazi pansi.

"Basi ya ku Mutare yaliza injini, Tabita," anatero Collen. "Iwe ukadali chigonere."

Rumbi anawerama ngati akumudzutsa, n'kunong'ona akumwetulira: "Mkono umodzi, sha. Ndinakuuza."

Tabita sanamwetulire.

Ulendo wachitatu unatalika. Rumbi tsopano anali atadziwa kuti Tabita akufuna mkono wamanzere, ndipo ankaubweza msanga. Thukuta linachuluka. Katatu Tabita anaugwira, katatu unapulumuka ngati nsomba. Miyendo yake inayamba kulemera. Rumbi ankamukankhira kumapeto kwa mkeka pang'onopang'ono, akufunafuna khwapa lija kachiwiri.

Kenaka phazi la Rumbi linaterereka pa thukuta. Pofuna kudzigwira, anatulutsa dzanja lamanja n'kuligwiritsa pakhosi pa Tabita.

Mkono uja unali pamenepo, wotambasuka, pafupi ndi maso ake.

Tabita anaugwira. Dzanja lina pamfundo, lina pamwamba pa chigongono. Chifuwa chake chinakanikiza kutsogolo kwa phewa, pamalo pomwe paja chala chake chinapeza Lachitatu.

"Tabi," anatero Rumbi, motsitsa mawu, kamodzi kokha.

Nthawi yosiya inalipo. Sinali yaitali, koma inali yokwanira kupuma mpweya umodzi, yokwanira kutsegula zala. Tabita anaponda patsogolo n'kutembenuka ndi mphamvu zake zonse. Sanamutsitse. Anamutaya, iye n'kugwera pamwamba pake mkono uli chigwirire.

Panamveka kaphokoso ngati ka nthambi yaiwisi ikang'aluka. Mvula inali itakula pa malata, ana akukuwa, moti amene anakamva anali awiri okha.

Kefasi anakweza dzanja la Tabita. Rumbi anakhala pansi kanthawi, milomo itayera. Kefasi atamufunsa, anati mpweya ndi umene unamuthawa, palibe china. Anadzuka yekha, anadziphimba juzi pamapewa, n'kupereka dzanja lamanzere kwa Tabita monga mwa mwambo wa masewera. Sanamuyang'ane kumaso. Pamene ena ankagwada kuti atsirize ndi pemphero, iye anali atatuluka kale mumvula.

Pambuyo pake Kefasi anamupatsa Tabita kalata yoti agogo ake asaine, ibwerere Lachitatu.

"Wagwira bwino," anatero. "Koma kutsitsa sunatsitse, ndipo tidzakambirana zimenezo. Unadziwa bwanji kuti kumanja ndi kumene kudzatseguke?"

"Ndinangoona, Kochi."

5. Hosho pa benchi

Lamulungu Rumbi sanabwere ku tchalitchi. Mu kwaya ya achinyamata ndiye ankaimba hosho, zigoba zija zokhala ndi njere m'kati, ndipo tsiku limenelo zinangokhala pa benchi popanda wozigwira. Nyimbo zinkamveka zopanda mafupa.

Agogo Isaya ndi amene anatsogolera mapemphero. Anayambitsa nyimbo yawo ija ya poterera. Tabita anatsegula buku la nyimbo, ndipo kalata ya ku Mutare inali m'katimo, yopindidwa kanayi. Analitseka. Mayi wina wa pafupi anamukodola n'kumuuza kuti wamva za chipambano chake, Mulungu ndi wabwino. Tabita anavomera ndi mutu.

Tsiku lonse agogo sanamufunse kanthu.

6. Alendo a Lolemba

Lolemba m'mawa mvula inasanduka ya mawawa. Tabita anakonza tiyi, anasesa pakhonde, kenaka anagwada n'kuika kalata ndi cholembera patsogolo pa agogo. Anapereka ndi manja awiri.

Agogo anavala magalasi n'kuwerenga mzere uliwonse, mpaka dzina la mdzukulu wawo. Anatenga cholembera, koma sanalembe.

"Unagwira uti?"

"Kunali thukuta, agogo. Kunali koterera. Manja anangopita okha."

Agogo anatembenuka n'kuyang'ana pa zenera pamene panali mpeni wawo, wokulungidwa m'nsanza. Anauyang'ana nthawi yaitali, ndipo Tabita anaweramitsa mutu.

Kumpanda kunamveka mawu a munthu wodzichepetsa, akuodira agogo m'chilankhulo cha kumeneko: "Tisvikewo, Sekuru."

Anali amayi a Rumbi. Ankayenda ndi ndodo, dzanja lina litagwira msana. Kumbuyo anabereka dengu lothyolera tiyi, lopanda kanthu. Anakhala pa mkeka movutikira, anaomba m'manja, n'kufunsa za moyo monga mwa mwambo. Kenaka anafotokoza chimene chinawabweretsa.

Loweruka Rumbi anafika kunyumba atanyowa, sanadye, ndipo Lamulungu m'mawa analephera ngakhale kuvala yekha. Anamutengera ku Hauna. Anamwino anamumanga mkono pachifuwa nati kwa sabata zisanu ndi imodzi asanyamule ngakhale kapu. Anatinso ayenera kupita ku Mutare akajambulitse phewa, chifukwa mwina m'kati mwang'ambika, ndipo ngati ndi choncho mkonowo sudzakweranso monga kale.

Rumbi anawauza kuti anagwa ndi dengu Lachitatu. Pa za Loweruka sananene chilichonse.

"Anandiuzanso kuti ndiwe unamusisita tsiku limene anagwa," anatero amayiwo akuyang'ana Tabita. "Maita basa, mwanangu, zikomo kwambiri mwana wanga. Mulungu akudalitse manja akowo. Anzake ndi ambiri, koma m'bale wake ndiwe."

Tabita anabisa manja pansi pa chitenje.

Amayi a Rumbi anamasula dengu n'kuliika pakati pa khonde, pafupi ndi kalata ija. Anati akuchita manyazi kupempha, koma lole ikubwera mawa, ndipo munda wonse waphuka. Iwo ayesa mzere umodzi m'mawa uno, msana wakana. Ngati Sekuru angalole, Tabita awathandize kuthyola lero, ndiponso masabata akubwerawa mpaka sukulu itatsegulira. Kupanda kutero masamba akhwima, ndipo nyengo yonse ipita.

Masabata amenewo ndi omwe Kefasi anakonza zoti Tabita azikonzekera mpikisano tsiku ndi tsiku.

Agogo anaika cholembera pansi.

"Chinthu chimodzi chikundizunguza mutu, Sekuru," anapitiriza amayiwo. "Anamwino akuti phewa limeneli linavulala kawiri. Akuti kutupa kwina ndi kwa masiku angapo, kwina ndi kwatsopano, ndipo pamkono pali mabala a zala, ngati munthu anaugwira ndi manja awiri n'kuupotokola. Ndamufunsa Rumbi, akungoyang'ana khoma. Ndiye dzulo ndinatuma mawu kwa Kefasi, kuti mwina iye anaona kanthu."

Pakhonde madzi ankadontha kuchokera ku malata, dontho ndi dontho, m'chidebe.

Agogo anakweza maso n'kuyang'ana kumunsi. Pa kanjira ka m'nthochi munthu ankakwera mofulumira, akukankha njinga m'matope, opanda chipewa, opanda jasi la mvula. Anali Kochi Kefasi.

Agogo anavula magalasi. Mawu awo anali ofatsa ngati a pa pemphero.

"Mdzukulu wanga, mpaka afike pa mpanda paja, nthawi ikadali yako. Ndikufunsanso, ndipo amayi a mnzakowa akumva. Unagwira uti?"